Malo oyala mphasa

Amayi anga anafika ku Chipata mu Seputembala 2024, kudzachotsetsa ng'ala ya m'diso lakumanzere kuchipatala cha Mwami. Anatsika basi ya ku Katete dzuwa litapendeka, atanyamula nkhuku yomanga miyendo, kathumba ka mtedza wa chalimbana umene unapulumuka chilala, ndi mphasa yawo yokulunga bwino. Amayi sagona pa matiresi. Amati amawaphwanya msana, ndipo kulikonse kumene akagone, mphasa imatsogola.

Chaka chimenecho palibe amene wachiiwala. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku damu la Kariba, lopangira magetsi, anatsika, ndipo pofika Seputembala magetsi tinkawaona maola owerengeka, kawirikawiri pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Choncho amayi analowa m'nyumba yamdima ndi maso achifunga.

Titatha kudya tinasowa poyala mphasa. Pabalaza pathu ndi mamita 4 m'litali, mamita 3 ndi theka m'lifupi, ndipo m'kamalo kameneko munali mipando ya sofa itatu, tebulo lagalasi pakati, kabati yagalasi yoonetsera mbale, choikapo TV, firiji imene inakana kulowa m'khitchini, tebulo lodyera la mipando 6 limene tinalikankhira kukhoma ndipo sitinadyerepo chisamukire, ndi njinga ya bambo a ana imene imagona m'nyumba kuopa akuba. Tinanyamula mpando waung'ono n'kuugadamiza pamwamba pa unzake, tinakokera tebulo lagalasi pambali, ndipo mpata umene unapezeka unali woti mphasa iyalidwe theka, mbali ina itapindikira kukhoma. Amayi sananene kanthu. Anagona chopinda miyendo.

M'mawa ndinapeza madontho a magazi pansi, kuchokera pa tebulo mpaka pakhomo la bafa. Anadzuka usiku, anapapasa njira mumdima, n'kugunda mwendo pakona ya galasi, pamsongolo penipeni. Sanadzutse munthu. Anang'amba kansalu pa chitenje chakale n'kumanga okha. Ndikutsuka balalo ndinawadandaulira kuti bwanji sanandiitane, ndipo iwo anangoti, "Mwana wanga, katundu uli naye, Mulungu wakudalitsa. Koma m'nyumba mwako muno mulibe njira."

Katunduyu sanagwe kumwamba. Tisanabwere kuno tinakhala zaka 11 m'nyumba ya aphunzitsi kumudzi, m'boma la Katete, nyumba yotakasuka ndithu, ya khonde, khitchini yakunja, bwalo lalikulu ndi nkhokwe kuseri. Bambo atawasamutsira ku Chipata mu 2021, tinapeza fulati ya lendi ku Kapata: zipinda ziwiri zogona, pabalaza, kakhitchini koti anthu awiri sangapatukirane, ndi bafa. Tili asanu, ife awiri, mtsikana wachisamba amene tsopano ndi namwali, ndi anyamata awiri. Tinapakira zonse pa Canter, maulendo awiri, ndipo palibe amene anafunsa ngati zikakwana. Tinkangoganiza za mmene tizilowetsere. Tinazilowetsa, ndipo zaka zitatu tinkayenda chammbali m'nyumba mwathu momwe, tikumadzitonthoza kuti tikadzamanga yathu zonse zidzapeza malo.

Za m'khitchini zambiri zinachokera ku kitchen party yanga mu 2010. Amayi a ku Zambia mukudziwa mmene zimakhalira: mkwatibwi wakhala chowerama pakati, alangizi pambali, ng'oma zikulira, mayi aliyense akuitanidwa kuti avine, aonetse mphatso yake, afotokoze ntchito yake. Tsiku limenelo ndinadzimva kuti ndili ndi anthu. Koma amayi ochuluka chotero sapangana kuti wakuti agule chakuti. Amayi anga atabwerera ku Katete, ndinatulutsa zonse n'kuziyala pansi kuti ndiwerenge. Mbale zinakwana 94, makapu 61, mafulasiki 5, mapoto 17, ena akadali ndi pepala la m'sitolo. Chonsecho tsiku ndi tsiku timadyera mbale zosapitirira 10, ndipo nsima ndimaphikira poto mmodzi yemweyo wakuda kumbuyo.

Mtima umene umatiunjikitsa zinthu sindingaunyoze, chifukwa ndikudziwa kumene unachokera. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zimene mlendo akafika ankatuma mwana kukabwereka mpando kwa aneba. Munthu wotero akayamba kulandira malipiro, sofa imakhala umboni woti wachokapo pamene paja. Kabati yagalasi imauza alendo kuti fizi imene makolo anailipira pogulitsa mbuzi sinapite pachabe. Palinso china chimene timachidziwa tonse ngakhale sitichinena: kwathu kuno katundu ndi banki. Matenda akagwa kapena sukulu ikathamangitsa mwana, firiji kapena TV imagulitsidwa, banja n'kupuma. Munthu amene akukuuza kuti taya zinthu asanamvepo mantha amenewa, mawu ake amalowa khutu ili n'kutulukira linali.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandionetsa pa foni liwu loti minimalism, kutanthauza kukhala ndi katundu wochepa. Zithunzi zake pa Facebook ndi pa Pinterest zimafanana zonse: makoma oyera, mpando umodzi wotuwa, duwa limodzi m'botolo, pansi popanda ngakhale nsapato. Ndinawerenga za katswiri wojambula mapulani a nyumba wochokera ku Germany, Ludwig Mies van der Rohe, amene anthu amamukumbukira ndi mawu oti zochepa ndiye zambiri. Imodzi mwa nyumba zake zotchuka, Farnsworth House ku Illinois m'dziko la America, inatha kumangidwa mu 1951, ndipo makoma ake akunja ndi galasi lokhalokha. Ndi yokongola, sindikana. Koma anaimangira munthu mmodzi, dokotala wamkazi, kuti azikapumulako kumapeto kwa mlungu. Nditadziwa zimenezi ndinamvetsa chimene chinkandisowetsa mtendere pa zithunzi zija. Munalibe thumba la chimanga, chigubu cha madzi, mbaula, neti ya udzudzu kapena yunifomu yonyowa yofuna kuuma pofika m'mawa. Ndipo sindinaone pamene m'bale wochokera kumudzi angagone.

Za ku Japan ndi zimene zinandifika pafupi. Kumeneko m'nyumba zachikale pansi amayala mikeka yolimba yotchedwa tatami, uliwonse pafupifupi mamita 1.8 m'litali ndi masentimita 90 m'lifupi, ndipo kukula kwa chipinda amakutchula powerenga mikekayo, chipinda cha tatami 6, chipinda cha tatami 8. Zogonera zawo, zimene amati futon, amaziyala usiku, m'mawa n'kuzipinda kuziika m'kabati ya m'khoma, ndipo chipinda chomwecho chimasanduka chodyera ndi chochezera. Ndikuwerenga zimenezi ndinaona ambuya anga.

Nyumba ya ambuya inali yozungulira, yofolera ndi udzu, pansi pozira ndi dothi lakuda. M'kati munali mphasa ziwiri zoimika kuseri kwa chitseko, mtsuko wa madzi wovundikira ndi mbale chikho chili pamwamba, chingwe chopachikapo zovala, kampando kamodzi ka ambuya aamuna, ndi dengu. Mthiko ndi chipande ankazisomeka kudenga. Kukacha ankasesa kamodzi, nyumba n'kuyera. Pa holide tinkagonamo adzukulu aakazi mpaka 7, ndipo sindikumbukira tsiku limene wina anasowa malo. Pano ndisamale, chifukwa umphawi si wokoma. Ambuya akanapatsidwa bedi akanalilandira ndi manja awiri, ndipo utsi uja ndi kudontha kwa denga sindizilakalaka. Chimene ndinazindikira n'chakuti kumudzi nyumba ndi bwalo lonse. Chimanga chili m'nkhokwe, mbale zili pathandala, moto uli m'khitchini yakunja, mtondo uli pansi pa mtengo wa mango, anyamata amagona ku mphala, atsikana kukuka, alendo amachezera pakhonde. Tikasamukira m'fulati, zonsezo zimalowa nafe m'makoma anayi. Nkhokwe imalowa, thandala limalowa, mphala ndi khonde zimalowa. Kenako pamwamba pake timasanjikapo zoonetsera za m'tauni. Fulati singasenze mitolo iwiri yonseyo. Umodzi unayenera kutuluka, ndipo nkhokwe sindikanaitulutsa.

Ndinatenga muyeso wa a ku Japan uja n'kuusandutsa wathu. Ndinati pabalaza payenera kukwana mphasa zitatu zoyala bwinobwino popanda kunyamula chinthu cholemera, ndipo kuchokera pamphasa kufika ku bafa pakhale njira yoti munthu wosaona bwino ayende akupapasa khoma osagunda kanthu. Lamulo linali limenelo basi. Chinthu chilichonse ndinachiyang'ana n'kudzifunsa ngati chikudya malo a mphasa.

Bambo sanavomere msanga. Mipando ya sofa ija anaigula ndi ngongole yawo yoyamba atangoyamba ntchito, ndipo anabweza zaka ziwiri. Ndinadikira tsiku loti adya akhuta, ana agona. Ananditchera khutu mpaka kumapeto, kenako anati, "Amake ana, ndamva. Koma anthu akalowa muno n'kupeza muli pululu, adzati a kaloba atilanda." Sindinatsutse, chifukwa anthu amaterodi. Ndinangowakumbutsa kuti bala la amayi linatenga milungu itatu kuti lipole, ndiponso kuti amayi awo nawo akukalamba. Sanayankhe usiku umenewo. Patapita masiku angapo anabwera okha ndi mnzawo wa kuntchito amene ananyamula tebulo lagalasi.

Tebulo lodyera ndi mipando yake zinapita kwa alamu anga amene anali atangomanga nyumba. Mipando ya sofa iwiri yaing'ono tinagulitsa, waukulu unatsala. Tinapangana kuti ndalama zokonzera nyumba zichokere pa zogulitsazo basi, chifukwa kukongola ngongole kuti ugule katundu watsopano wooneka wochepa ndi matenda omwe aja atavala malaya ena. Ndi ndalamazo tinapita kwa kalipentala wina pafupi ndi msika wa Kapata. Ndinkafuna mlombwa, koma nditamva mtengo ndinasankha paini. Anatikhomera mabenchi awiri a mabokosi, lililonse mita imodzi ndi theka m'litali, la chivundikiro chotsegukira m'mwamba. Iye mwini ndiye anandilangiza kuti aboole timabowo kumbuyo, kuti mabulangete asachite nkhungu m'dzinja. Telala anasoka makushoni opyapyala n'kuwakuta ndi chitenje cha mtundu umodzi. Masana ndi mipando. Usiku tikawagundanitsa amakhala bedi la mlendo amene sangathe kugona pansi, ndipo mabulangete ndi maneti ake ali m'kati momwemo. Anatipangiranso timipando tinayi tosanjikizana, timene timakhala pakona ngati kampando kamodzi.

Mungafunse kuti nanga timadyera pati. Ine ndi ana timadyera pamphasa, mmene ndinakulira. Bambo amakhala pabenchi, ndipo tebulo lawo ndi thiranki yachitsulo imene malemu atate anga anandigulira popita ku sekondale yogonera komweko. Ndinaipaka penti yakuda, m'kati muli nsalu za pabedi. Mlendo waulemu akabwera ndimayalapo kansalu, mbale n'kukhala bwinobwino.

Nyumba yaing'ono imapereweza pansi, koma makoma ake ndi atali mofanana ndi a nyumba yaikulu, ndipo ife tinali tisanawagwiritsepo ntchito. Ndinapempha kaye eni nyumba tisanaboole paliponse, ndipo aliyense wokhala pa lendi achite chimodzimodzi, kuti pasadzakhale mawu tsiku lotuluka. Analola. TV inakwera kukhoma, choikapo chake n'kutuluka. Mashelefu tinawaika m'mwamba, molingana ndi pamwamba pa chitseko, mmene mutu sufika, ndipo m'menemo mumakhala zinthu za kamodzi pa chaka. Njinga, Eagle yakale ija ya apongozi aamuna, ya mtundu umene unkalumikizidwa konkuno ku Chipata, tsopano imapachikidwa pa ngowe ziwiri m'kanjira kopita kukhomo lakumbuyo. Mapoto atachepa tinachotsa kabati imodzi m'khitchini, ndipo firiji inalowa patatha zaka zitatu ili pabalaza.

Chipinda cha ana chinali ndi vuto limene zithunzi za pa intaneti sizikambapo. Mtsikana akatha msinkhu savulira pamaso pa alongo ake, ndipo alangizi anali atandikumbutsa kale. Kumudzi akanapita kukuka. Kuno tinachotsa mabedi awiri akale, tinaika bedi losanjikiza la anyamata mbali ya pakhomo, ndipo wadiropu tinaichotsa kukhoma n'kuiimika pakati kuti ikhale chipupa. Kalipentala anaikhomerera ndi zitsulo kuti isadzagwere mwana, poti anyamata amakwera paliponse. Pampata wotsala tinapachika katani yokhuthala. Mbali ya zenera ndi yake yekha: bedi laling'ono, shelefu ya mabuku, ndi thabwa lolembera limene amalipindira kukhoma akatha. Malowo ndi ochepa, akatambasula manja amakhudza mbali zonse ziwiri. Tsiku loyamba anadzitsekera kumeneko masana onse, ndipo ndili m'khitchini ndinamumva akuimba.

Uphungu umodzi ndinaukana kotheratu, woti usamasunge zinthu, uzigula pokhapokha wazifuna. Amene anaona mtengo wa ufa mu 2024 sangamvere zimenezo. Chimanga chimatsika mtengo pokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kukwera pofika Januwale ndi Febuluwale, ndipo chaka chabwino timalandiranso cha kumunda kwa amayi. Nkhokwe yathu tsopano ili pansi pa bedi lathu. Kalipentala anatalikitsa miyendo yake, pansi tinayala matabwa kuti matumba asakhudze simenti, ndipo pamakwana matumba 6 a makilogalamu 50 ogoneka. Timagula matumba aja a pulasitiki m'kati, osalowa mpweya, amene anankafumbwe amaferamo okha osathira mankhwala, chifukwa munthu sangagone pamwamba pa fungo la mankhwala usiku uliwonse. Chofunika n'chakuti chimanga chiume gwa musanamange. Zigubu za malita 20 zimene zinali mbwee m'khitchini ndi m'bafa tinazichepetsa, m'malo mwake muli mgolo umodzi wa malita 210 wa chivundikiro chomanga, kuopa udzudzu ndiponso kuopa mzime wathu amene amasuzumira chilichonse. Makala ali m'bokosi lokhoma kukhomo lakumbuyo. Mbaula yoyaka sindiilowetsa m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Julaye. Mpweya wa makala ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo, ndipo m'chipinda chaching'ono suchedwa kudzaza.

Mbale ndi zimene zinandiliza. Tebulo ndi tebulo chabe, koma mbale iliyonse ya kitchen party ili ndi nkhope. Izi za maluwa abuluu anandipatsa azakhali amene anatisiya mu 2018, ndipo ndimawaonabe akuvina atazisenza pamutu. Poto wamkulu uyu anasonkherana anzanga a kukwaya. Kugulitsa zinthu zotere kunandimvekera ngati kugulitsa anthu amene. Komanso nkhawa ina inali yoona: maliro akagwa, kapena ukwati, mbale 94 sizichuluka. Ndinazibwezera m'makatoni, ndipo zinakhala mmenemo mwezi wathunthu zikutseka njira yomwe ndinkafuna kutsegula.

Njira inapezeka kwa amayi a chigwirizano. M'dera lathu maliro akachitika timayenda khomo ndi khomo kubwereka mapoto, ndipo pobweza zimasokonekera, wina walandira chivundikiro cha mnzake, wina poto wake sanabwerere, anthu n'kusiya kupatsana moni. Ndinatengera nkhaniyi kwa amayi akuluakulu a chigwirizano chathu. Tinagwirizana kuti pakhale bokosi la tonse, lokhoma, kutchalitchi, ndi kabuku kolembamo wotenga ndi wobweza. Ine ndinaikamo mbale 60, makapu 40 ndi mapoto 8, amayi ena awiri anawonjezerapo zawo, ndipo kunsi kwa chilichonse tinadinda chizindikiro ndi penti. Akuluakulu amati kupatsa ndi kuika. Mbalezo zatumikira kale maliro anayi ndi ukwati umodzi, ndipo ndikazifuna ndimakalembetsa ngati wina aliyense. Za azakhali sindinapereke. Ndinazitulutsa m'kabati mmene zinakhala zaka 14 osadyeramo, ndipo ndi zimene timadyera Lamlungu. Imodzi inasweka kale m'manja mwa mnyamata wanga wamkulu akutsuka. Zinandiwawa, koma sindinamukalipire.

Kabati yagalasi ikadalipo. Anatipatsa ndi apongozi anga aakazi, ndipo inali yawo kuyambira ali ku Kitwe, apongozi aamuna akugwira ntchito kumigodi. Ndinapita kumudzi kwawo, ndinagwada, ndinaizungulira nkhani mmene mtengwa amachitira, mpaka ndinafunsa ngati angalole kuti kabatiyo ipite kwa mlamu wanga wamng'ono amene akukonzekera banja. Anakhala chete nthawi yaitali akutong'ola chimanga. Kenako anati, "Ndinapatsa inu, apongozi." Nkhani inathera pomwepo. Nditabwerera ndinachotsamo tizidole tadothi, maluwa apulasitiki ndi makapu, tinaisuntha kuchoka pakati pa khoma kupita pakona, ndipo tsopano muli mabuku a ana, Baibulo, mabuku a nyimbo ndi zikalata za banja. Imadya malo, ndipo ndinavomera kuti iwadye. Mphasa yachitatu imakwana mothinana chifukwa cha iyo.

Za mitundu ndinene mwachidule. Amene akudziwa mphepo ya kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndi fumbi limene imanyamula, sangagule mpando woyera. Makoma tinapaka penti yamadzi ya kirimu, imene imabweza kuwala kwa zenera, ndipo magetsi akathima nyali imodzi ya sola imakwanira chipinda chonse. Makatani olemera osanjikiza tinawasiya, tinapachika nsalu imodzi yopepuka yosavuta kuchapa. Kapeti inatuluka, ndipo mphemvu zimene ndinazipeza pansi pake ndi kuseri kwa kabati sindifuna kuzikumbukira. Pansi pabwerera simenti yofiira, ya Cobra ndi bulashi, ngati ya amayi athu. Pakhoma pali chithunzi chimodzi cha ukwati ndi malichero atatu amene ndinagula pa Luangwa Bridge pochokera ku Lusaka. Amakongoletsa, koma ndikafuna kupeta mpunga kapena nyemba ndimangotsitsa limodzi. Mu Okutobala dzuwa likakwiya, mphepo imadutsa kuchokera pazenera kupita kukhomo popanda chotchinga, ndipo anyamata amalemba za kusukulu atagona chafufumimba pasimenti pozizira.

Zimene bambo ankaopa zinachitikadi. Amayi ena oyandikana nafe analowa kudzabwereka sefa, anayang'ana uku ndi uku, sanafunse kanthu. Madzulo anatuma mwana ndi kabeseni ka ufa ndi kapenta pang'ono, atavundikira ndi nsalu kuti anthu asaone. Ankaganiza kuti zativuta. Chinali chaka chimene ufa unali ngati golide, ndipo iwonso ali ndi ana asanu. Ndinalandira ndi manja awiri. M'mawa ndinapita kukawafotokozera, anamvetsera, koma pankhope ndinaona kuti sanakhutire. Potsanzikana anati, "Anzanga, mukavutika muzinena, ife tili pano." Ufawo ndinauphika tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero ndikawaona mtima wanga umafewa.

Kuchotsa kunatenga miyezi iwiri. Kuletsa kuti zisabwerere ndiye kulibe tsiku lomaliza. Ndikadutsa pa salaula ku Saturday Market belo latsopano litangotsegulidwa, kapena ku Down Shops n'kuona mabeseni amitundumitundu atawasanja pakhomo, dzanja limapita lokha kuchikwama. Tinapangana kuti chovala chikalowa china chituluke kupita kwa abale kumudzi, ndipo chikhale chovaleka, osati sanza. Zoseweretsa za mzime zili ndi dengu limodzi, likadzaza amasankha yekha chopatsa mnzake, nthawi zina ndi misozi. Pamwamba pa firiji pamadzazabe mapepala, makiyi ndi zingwe za mafoni, ndipo Loweruka lililonse ndimayambiranso.

Bambo ndi Angoni. Loweruka lomaliza la Febuluwale, N'cwala, mwambo wa Angoni wa pachaka, ikamachitika ku Mtenguleni, abale a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amatsikira kwathu. Zaka za m'mbuyo mwezi umenewu ukamayandikira mtima unkandigunda, ndipo chaka china alamu awiri anagona m'galimoto panja, chinthu chimene chimandichititsabe manyazi. Mu 2025 tinagona anthu 13, azibambo m'zipinda, amayi ndi ana tonse pabalaza, pamphasa zitatu ndi pamabenchi. Tinacheza mpaka tambala woyamba. Mlendo ndi mame: pofika Lamlungu madzulo onse anali atapita, tinakulunga mphasa, mabulangete analowa m'mabenchi, ndinasesa kamodzi.

Amayi anabweranso mu Juni kudzachotsetsa ng'ala ya diso lakumanja. Anafika ndi mphasa yawo ngati kale, ndi thumba lathunthu la mtedza wosaswa, poti ulendo uno mvula inagwa bwino. Anaima pakhomo, anayang'ana ndi diso lawo lopola lija, analowa, anayala mphasa pakati penipeni, yonse, osapinda. Za nyumbayo sananene chilichonse. Anakhuthula mtedza pansi, anaitana adzukulu, n'kuyamba kuswa.

Usiku wa tsiku limene anachokera ku Mwami, diso litamatidwa, magetsi kulibe, ndinawamva akudzuka. Ndinakhala tsonga pabedi kumvetsera. Ndinamva dzanja likukhwekhwereza pakhoma, mapazi pasimenti, chitseko cha bafa, ndipo patapita kanthawi mapazi akubwerera mpaka pamphasa. M'mawa ndinawapeza atakulunga kale mphasa n'kuiimika kuseri kwa chitseko, tsache lili m'manja. Ndinawalanda, chifukwa adokotala anati asawerame kapena kulowa m'fumbi mpaka diso litapola. Anakhala pabenchi, n'kumandilozera pamene ndasiya makoko a mtedza.